Turbo Yaikulu ndi Chikweza cha ku Mzuzu

Msewu wa M5 wochoka ku Chintheche kulinga ku Mzuzu uli pawiri. Chigawo choyamba chimatsata nyanja, kuwoloka mtsinje wa Luweya, kudutsa m'minda ya chinangwa ndi m'munda wa mitengo ya mphira wa ku Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu. Kumeneko galimoto iriyonse imayenda monyadira. Chigawo chachiwiri chimayamba munthu akapitirira mphambano ya ku Nkhata Bay ndi pa Mpamba. Msewu umakwera, nukhota, nukweranso, kufikira mu mzinda wa Mzuzu. Nyanja ya Malaŵi iri pa mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Pa chikweza chimenechi ndi pamene galimoto yonyamula madengu a usipa ndi matumba a makaka imayamba kubuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli, utsi wakuda uli tolo kumbuyo.

Madalaivala akakhala pansi pa mapeto a ulendo wotere, mawu amodzi sachedwa kutuluka: turbo. Amene galimoto yake iribe turbo amalakalaka ataiika. Amene yake iri nayo amalakalaka atachotsa yaing'onoyo ndi kuikapo yaikulu. Anthu a maganizo amenewa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la eni magalimoto a ntchito, monga Land Cruiser ndi Hilux zakale, amene akufuna kuti katundu afike pa msika dzuwa lisanakwere. Gulu lachiwiri ndi la achinyamata opezako bwino amene adaitanitsa Subaru Impreza kapena Forester kuchokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ndipo Loweruka amatsikira nayo ku mchenga wa ku Chintheche ndi ku Kande. Onsewa amakhulupirira kuti turbo ndiyo mphamvu, ndi kuti ikakula, mphamvu nayo yakula. M'chikhulupiriro chimenechi muli choona pang'ono, koma mbali yotsalayo ndi imene imasiya injini itanoka pakati pa phiri.

Turbo payokha sipereka mphamvu. Chimene imapereka ndi mpweya basi.

Injini ya galimoto ndi ng'anjo yotsekedwa. M'kati mwa silinda iriyonse mafuta amayaka, mpweya wotentha umafutukuka ndi kukankha pisitoni, ndipo kukankha kumeneko ndiko kumakazunguza matayala. Moto suyaka popanda mpweya. Wosula makasu kumudzi amazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense: makala ali omwewo, koma akagwira mvukuto moto umayera ndipo chitsulo chimafewa. Injini ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti itenthe bwino kilogalamu imodzi ya petulo. Kuthira mafuta ambiri n'kosavuta. Chovuta ndi kulowetsa mpweya wokwanira kutentha mafutawo. Injini yopanda turbo imakoka mpweya yokha monga munthu akamapuma, ndipo singameze woposa kukula kwa masilinda ake.

Tsono mpweya sufanana paliponse. Ngakhale suoneka, mpweya umalemera, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere umapanikiza chinthu chirichonse ndi mphamvu imene akatswiri amaiyesa 1 bar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar, kotero omvera angathe kuyerekeza. Munthu akamakwera phiri mpweya umanka nupepuka. Pa gombe la Chintheche uli pafupifupi 0.96 bar, ku Mzuzu watsika kufika pafupi ndi 0.87, ndipo pa Chikangawa m'nkhalango ya Viphya ndi wocheperanso. Akatswiri amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Ndiye kuti galimoto yonyamuka pa Chintheche imafika ku Mzuzu itataya magawo 7 kapena 8, ndipo imawataya pa nthawi imene ikuwafunitsitsa. Dalaivala wodandaula kuti galimoto yake imatopa pa chikweza sakunama ayi. Galimotoyo imakhala ikubanika.

Turbo ndi mvukuto wa injini, koma mvukuto wosafuna dzanja la munthu. M'kati mwake muli timagudumu tiwiri ta mapiko, tolumikizidwa ndi kandodo kamodzi kachitsulo. Kagudumu koyamba kali m'njira ya utsi wotuluka m'injini, ndipo utsiwo, pokhala wotentha ndi waliwiro, umakazunguza monga momwe madzi a mtsinje wa Shire amazunguzira makina a magetsi pa Nkula. Kagudumu kachiwiri, kozungulira limodzi ndi koyambako, kamakoka mpweya wa panja ndi kuukanikizira m'masilinda. Motero mphamvu imene ikadangotayika ndi utsi ndiyo imagwira ntchito yopopa. Timagudumuti timazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo m'maturbo aang'ono a masiku ano timapitirira ka 200,000. Pambali pake pali kachitseko kotchedwa wastegate, kamene kamatseguka mpweya ukafika pa mlingo woikika, kuti utsi wina ulambalale kagudumu, turbo isapope mpaka kuswa injini.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Alfred Büchi, injiniya wa ku Switzerland, adailembetsa m'chaka cha 1905, ndipo m'zaka za m'ma 1920 idayamba kugwira ntchito m'mainjini a dizilo a sitima za pamadzi. M'chaka cha 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric adakwera ndi injini ya ndege pa phiri la Pikes Peak ku America, pa mamita oposa 4,000, kukaonetsa kuti injini ya turbo imasunga mphamvu yake kumwamba kumene mpweya uli wochepa. Choncho turbo idakula poyankha vuto lomwelo limene dalaivala wa ku Chintheche amakumana nalo akapitirira pa Mpamba. M'magalimoto aang'ono idafika mochedwa: Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair mu 1962, Porsche 911 Turbo mu 1975, ndi Mercedes-Benz 300SD ya dizilo mu 1978. Kuno ku Africa idatchuka ndi mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, umene Toyota Celica ya turbo idapambana zaka zitatu zotsatizana, 1984, 1985 ndi 1986.

Nkhani ina ya m'mipikisano yomweyi imaonetsa bwino kuti mpweya ndiwo chuma cha injini. Akuluakulu oyendetsa mpikisano wa rally wa dziko lonse adalamula kuti pakamwa pa turbo iriyonse paikidwe chitsulo chokhala ndi bowo la mamilimita 34, kuti pasapezeke galimoto yomeza mpweya woposa zinzake. M'chaka cha 1995, pa mpikisano wa ku Catalunya m'dziko la Spain, oyendera magalimoto adapeza kuti gulu la Toyota lidakonza chitsulocho mochenjera, kotero kuti chinkasuntha pang'ono ndi kulola mpweya kulowera m'mbali. Mpatawo udali wa mamilimita owerengeka chabe, koma gululo lidalandidwa mapointi a chaka chonsecho ndi kuletsedwa kupikisana kwa miyezi 12.

Ngati mpweya uli wofunika chotere, bwanji munthu osangogula turbo yaikulu imene thumba lake lingathe?

Chopinga choyamba ndi kuchedwa. Kagudumu kakakulu n'kolemera ndipo nyumba yake ndi yotakasuka, choncho pamafunika utsi wambiri kuti kayambe kuzungulira mwamphamvu. Injini ikamayenda pang'onopang'ono utsi umakhala wochepa. Dalaivala amaponda moto, galimoto imakhala ngati sidamve, ndipo pakapita kanthawi mphamvu yonse imabwera nthawi imodzi. Amakaniko amakutcha kuchedwa kumeneku turbo lag. Pa Subaru ya malita 2, turbo ya ku fakitale, monga ya TD04 yopangidwa ndi Mitsubishi, imakhala itayamba kale kupopa bwino injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi. Yaikulu ikhoza kudikira mpaka ka 4,000 kapena kupitirira apo. Pa bwalo la mpikisano, kumene injini imakhala ikukuwa nthawi yonse, zimenezi sizivuta. Koma msewu wa m'mphepete mwa nyanja si bwalo la mpikisano. Muli njinga za kabaza, ana a sukulu, mbuzi, amayi osenza mitolo ya nkhuni, ndi malole olemera ochokera ku Dwangwa. Munthu wofuna kupitirira lole amafuna mphamvu pa nthawi yomwe watulukira kumanja. Ikachedwa, amakhalitsa m'njira ya magalimoto obwera kutsogolo. Ikadza mwadzidzidzi pa kona yonyowa, pakuti boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yochuluka m'dziko muno, matayala amasiya kugwira phula. Pa chikweza chokhotakhota, kumene dalaivala amachotsa phazi ndi kupondanso kambirimbiri, turbo yapakati imene imayankha msanga ndi yaphindu kuposa yaikulu imene mphamvu yake iri kumapeto kwa geji.

Palinso china. Turbo yaikulu pa injini yaing'ono nthawi zina imakankha mpweya woposa umene injiniyo ingameze, makamaka dalaivala akachotsa phazi mwadzidzidzi. Mpweyawo umabwerera ndi kumenya mapiko a kagudumu, ndipo pamamveka phokoso lophiriphitha limene achinyamata ena amalinyadira pa siteji. Makaniko wodziwa ntchito yake akalimva amadziwa kuti mabering'i a turbo akuvutika.

Chopinga chachiwiri, chimenenso chiri chachikulu, ndi kutentha. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Aliyense amene adapopapo tayala la njinga adamva pampu ikutentha m'manja mwake, chifukwa mpweya ukakanikizidwa umatentha. Mpweya wa pa Chintheche m'mwezi wa October, wa madigiri 30, ukakanikizidwa ndi 1 bar yoonjezera umatuluka m'turbo uli pa madigiri oposa 120, kuposa madzi owira. Mpweya wotentha ndi wofutukuka, kotero kuti mbali ina ya phindu la kupopako imatayika pomwepo. N'chifukwa chake pakati pa turbo ndi injini pamaikidwa intercooler, imene ndi radiyeta yoziziritsa mpweya m'malo mwa madzi. Turbo ikakula, intercooler yakale siikwaniranso. Ma Subaru ambiri intercooler yawo iri pamwamba pa injini, pansi pa kabowo ka pa boneti, ndipo imazizira pokhapokha galimoto ikamathamanga. Galimoto yotere ikakhala kumbuyo kwa lole pa chikweza, intercooler imangowotchedwa ndi injini iri pansi pakeyo, ndipo dalaivala akapeza mpata wopitirira, amaponda moto mpweya uli pa kutentha kwenikweni.

M'injini ya petulo mpweya wotentha umabala ngozi yotchedwa knock. Petulo amayenera kuyaka pulagi ikathetheka, moto nufalikira bwinobwino. Kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyeso, petulo wotsala m'mbali mwa silinda amaphulika yekha, ndipo mumamveka kaphokoso ngati timiyala m'chitini. Kuphulika kumeneku kumaswa milomo ya pisitoni imene imagwira maring'i, ndipo sikufuna nthawi yaitali. Kulimba kwa petulo pokana kuphulika kotere kumayesedwa ndi nambala ya octane. Magalimoto a liwiro opangidwira msika wa ku Japan adakonzedwera petulo wapamwamba wa kumeneko, wa octane pafupifupi 100, ndipo petulo wa m'mapampu a kuno safika pamenepo. Ndiye kuti galimoto yotere imafika pa Songwe iri kale pafupi ndi malire ake, mwini wake asanaikhudze n'komwe.

Petulo wa ku Malaŵi ali ndi mbiri yakeyake, ndipo mbiriyo iri pa msewu womwewu. Kuyambira m'chaka cha 1982 fakitale ya ku Dwangwa, kumwera kwa Chintheche, yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo wogulitsidwa m'dziko muno. Kwa injini ya turbo ethanol ndi bwenzi pa mbali imodzi, chifukwa amakweza octane ndi kuziziritsa mpweya. Pa mbali ina, lita imodzi ya ethanol iri ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, choncho injini imafuna mafuta ochulukirapo. Munthu akaika turbo yaikulu koma nasiya manozulo ndi pampu ya mafuta ya kale, mpweya umachuluka pamene mafuta sadachuluke, ndipo injini ya petulo yoperewedwa mafuta imatentha mpaka kuboola pisitoni. Kompyuta ya galimoto nayo imakhala ikuwerengera turbo yakale ija. Iyenera kukonzedwanso ndi katswiri, galimoto iri pa makina oyesera amene imathamanga itaima pa zogudubuza. Makina oterewa ndi ambiri ku Johannesburg, koma m'magalaja a m'maboma sapezeka wamba. Tsono pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 kapena mu 2022 ndi 2023, anthu ambiri adagula mafuta a m'zigubu amene mwini galimoto sangadziwe chimene chathiridwamo. Injini ya ku fakitale ingathe kupirira mafuta otere. Injini imene yakwezedwa kufika pa malire ake iribe poti ipirire.

Nkhani ya dizilo ndi yosiyana, ndipo ndiyo ikukhudza anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja, pakuti galimoto ya ntchito ndiyo munda wa banja. Chitsanzo chabwino ndi mainjini awiri a Toyota Land Cruiser amene adatuluka m'chaka cha 1990. Onse ndi a masilinda 6 ndi malita 4.2. Yoyamba, ya 1HZ, iribe turbo ndipo imapereka mphamvu ya akavalo pafupifupi 130. Ndiyo imene imapezeka m'maambulansi ambiri ndi m'magalimoto a mabungwe oyenda m'misewu ya fumbi. Yachiwiri, ya 1HD-T, iri ndi turbo ndipo imapereka akavalo pafupifupi 165. Munthu woyang'ana kunja angaganize kuti kusiyana kwake ndi turbo yokhayo, ndipo kuti akagula turbo ndi kuimangirira pa 1HZ wapeza 1HD-T pa mtengo wotsika. Koma a ku fakitale adasintha zambiri m'kati. Injini ya 1HZ imafinya mpweya pafupifupi ka 22, pamene ya 1HD-T imafinya ka 18.6 kokha, pofuna kusiyira malo mpweya woonjezera wa turbo. Mu 1HZ dizilo amayamba kuyakira m'tizipinda ting'onoting'ono ta m'hedi, timene timang'aluka kutentha kukapyola. Mu 1HD-T dizilo amapoperedwa mwachindunji pamutu pa pisitoni, ndipo mapisitoni akewo adapangidwira ntchito imeneyo.

Izi sizitanthauza kuti 1HZ singaikidwe turbo. Ku Australia ndi ku South Africa amakaniko akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma amene amachita mosamala amasunga mpweya woonjezera pa mlingo wochepa, pafupifupi theka la bar kapena kupitirira pang'ono, amaika intercooler, ndipo amaonjezera dizilo pang'ono pokha. Cholinga chawo ndi kubwezera injini mpweya umene imataya pa phiri ndi kuoonjezerapo pang'ono, osati kuisandutsa galimoto ya mpikisano.

Pa dizilo pali lamulo limene limatsutsana ndi la petulo, ndipo ambiri amalisokoneza. Injini ya petulo imatentha mafuta akachepa. Injini ya dizilo imatentha mafuta akachuluka kuposa mpweya. Pa pampu ya dizilo ya mainjini akalewa pali kasikuluwu kamene kamaonjezera mafuta, ndipo makaniko wofuna kusangalatsa bwana wake amangokapotoza. Galimoto imadumphadi, mwini wake nalipira mokondwa, koma utsi wakuda umene umatuluka ndi dizilo wosapsa bwino, ndipo m'kati mwa silinda kutentha kumakhala kukukwera. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 ndipo chimayamba kufooka chisanafike pamenepo. Imapulumuka chifukwa motowo umaikhudza kwa kamphindi chabe, ndipo oyilo amaiziziritsa cha kunsi. Utsi wotuluka m'silinda ukakhala pa madigiri oposa 700 kwa nthawi yaitali, kuziziritsako sikukwanira. Chomvetsa chisoni n'chakuti geji ya kutentha ya pa dashibodi imayesa madzi a m'radiyeta, amene amachedwa kutentha. Ikamadzakwera, pisitoni imakhala itapsa kale. N'chifukwa chake chipangizo choyamba kugula, turbo isanagulidwe n'komwe, ndi geji yoyesa kutentha kwa utsi, imene kansonga kake kamalowetsedwa m'paipi ya utsi pafupi ndi injini. Muvi wake ukayandikira 700, dalaivala amatsitsa giya, injini nizungulira mofulumira, mpweya nuchuluka, kutentha nkutsika. Pa malo athyathyathya geji imeneyi siinena zambiri. Imayankhula pa zikweza zazitali, monga cha ku Mzuzu, cha pa Chiweta, kapena cha Khwekhwerere chochoka ku Golomoti kukwera ku Dedza, kumene injini imasenza katundu wathunthu kwa mphindi zambiri osapuma.

Phiri limasautsanso turbo imene. Tiyerekeze kuti wastegate yaikidwa kuti ipereke 1 bar yoonjezera galimoto iri pa gombe. Turbo imatenga mpweya wa 0.96 ndi kuufikitsa pa 1.96, ndiko kuufinya kawiri. Galimoto yomweyo ikafika pa mapiri a Viphya, kumene mpweya uli pafupifupi 0.84, kompyuta yofuna mlingo womwe uja wa 1.96 imakakamiza turbo kufinya mpweya koposa ka 2.3. Timagudumu timazungulira mofulumira kwambiri ndipo mpweya umatuluka wotentherapo. Turbo imene makaniko adaikweza mpaka pa mapeto ake ali kunyanja ikhoza kupyola liwiro limene mapiko ake angapirire ikafika kumtunda. Apa ndi pamene turbo yokulirapo pang'ono iri ndi phindu lenileni: imapereka mpweya womwewo mosadzipanikiza, wozizirako, ndipo imakhala ndi mphamvu yotsala. Kukula kotere ndi kwa sitepe imodzi, kowerengedwa molingana ndi malita a injini ndi msewu umene galimoto imayenda tsiku ndi tsiku.

Za oyilo zinganenedwe mwachidule ngakhale ndizo zimapha maturbo ambiri. Kandodo ka turbo kamayandama pa oyilo wa injini, wopyapyala kuposa tsitsi. Oyilo wakuda, wochepa, kapena wosayenera amadya mabering'i m'masiku owerengeka. Dalaivala amene wakwera phiri lonse ndi kuzimitsa injini atangofika amasiya oyilo ataima m'turbo yotentha ngati mbaula. Oyiloyo amapserera ndi kutseka tinjira take. Kuisiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Mchenga wa kugombe ndi fumbi la m'misewu ya kumidzi ndi adani ena. Achinyamata ena amachotsa bokosi la fyuluta ya mpweya ndi kuikapo kafyuluta koonekera kuti phokoso limveke, koma kafyuluta kotere kamakoka mpweya wotentha wa pa injini, ndipo kakakhala kachabechabe kamalola fumbi limene limasenga mapiko ngati tupa. Pa injini ya dizilo, turbo yakutha ikhoza kutayira oyilo m'njira ya mpweya, injini niyamba kuyaka oyilo wake womwe ndi kuthamanga mosalamulirika ngakhale kiyi itachotsedwa. Zikatero njira ndi kuika giya yapamwamba, kuponda buleki ndi kusiya kilatchi kuti injini izime, kapena kutseka pakamwa pa mpweya ndi thabwa, koma osati ndi dzanja.

Mtengo wa ntchito yonseyi si wa turbo yokha. Mphamvu ikakwera, kilatchi yakale imayamba kuterereka, giyabokosi imasenza katundu amene sidapangidwire, radiyeta imafuna kukula, ndipo mabuleki amene adayesedwera liwiro lakale amakhala omwewo. Galimoto yokwera ku Mzuzu iyenera kutsikanso, ndipo potsika turbo siithandiza kanthu. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 mwa 100 mu November 2023, mitengo yake idakwera kwambiri. Apa ndi pamene munthu amakopeka ndi turbo yotsika mtengo yopanda dzina la woipanga. Chinthu chozungulira ka 150,000 pa mphindi chimafuna kulinganizidwa kulemera kwake mosamalitsa pa makina a ku fakitale. Phiko limodzi likathyoka, zidutswa zake zimatha kulowa m'masilinda, ndipo mwini galimoto amagula injini yonse chifukwa cha chipangizo chimene adachipeza motchipa. Ndi bwinonso kudziwitsa kampani ya inshuwalansi ndi kufunsa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene imapereka chiphaso cha COF, galimoto isanasinthidwe kwambiri. Inshuwalansi imalembedwa molingana ndi galimoto imene mwini wake adaifotokoza, ndipo ngozi ikachitika kampani ikhoza kukana kulipira galimoto imene idasinthidwa mwakachetechete.

Magalimoto ambiri amene amanenedwa kuti akufuna turbo yaikulu amakhala akudwala matenda ena otsika mtengo. Makaniko wabwino, mwini galimoto akamuuza kuti ikutopa pa chikweza, amayamba wafunsa kulemera kwa katundu amene imanyamula. Kenaka amatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, amayang'ana fyuluta ya mafuta, amayesa manozulo, amaona ngati mavalavu ali pa mpata wake ndiponso ngati mabuleki sakugwira okha. Pa galimoto imene iri kale ndi turbo amatsata mapaipi a mphira kuchokera ku turbo kukafika ku injini, akufunafuna pamene pali oyilo wonyowa, pakuti mng'alu wotalika ngati chikhadabo ndi wokwanira kutaya mpweya wambiri umene turbo yapopa, ndipo umatseguka pokhapokha injini ikalemedwa. Pa mainjini a D-4D a malita 3 a Hilux ndi Fortuner, amene turbo yake iri ndi timapiko tosuntha tolondolera utsi, mwaye umamata timapikoto mpaka kuuma, makamaka galimoto ikamangoyenda maulendo afupiafupi. Turbo yotere ikamasulidwa ndi kutsukidwa, kawirikawiri imayambanso kupopa monga idachokera ku fakitale.